Mabotolo Opanda Mayina

Lamulungu, pa 17 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Ife kuno tili bwino, ndipo lero ndikunena zimenezi kuchokera pansi pa mtima, osati mmene ndakhala ndikunenera pa foni miyezi isanu yapitayi. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu, mumayamba mafunso anu a unamwino ine ndisanafike n'komwe pakati pa nkhani. Ndiye khalani pansi, muwerenge mwadongosolo, musathamangire kumapeto monga mumachitira ndi mabuku.

Ndiyambe ndi chowawa kumeza: munkanena zoona. Muwerenge kawiri mawu amenewo chifukwa sindidzawalembanso.

Mukukumbuka chikwangwani chija ndinamata pa windo la kuntchito kwathu, chimene ndinakutumizirani chithunzi chake? Ndinachilemba ndekha ndi zilembo zikuluzikulu zobiriwira, kuti MAFUTA ATHU ONUNKHIRA AMAPHA MAVAIRASI. Munandiimbira tsiku lomwelo. Munati, "Iwe, n'zoona kuti mu labu akadonthezera mafuta a bulugamu m'kambale momwe muli kachirombo, kamatha kufooka. Sopo nayenso amatero. Ndiye uziwamwetsa sopo makasitomala akowo?" Ine ndinayankha kuti anamwino muli ndi nsanje, chifukwa anthu athu amatuluka akumwetulira pomwe anu amatuluka akutsimphina ndi jakisoni. Tinakangana mpaka foni inanditentha khutu.

Mwezi wa Malichi chimfine chinavuta kuno, m'basi aliyense akungokhosomola. Madamu, eni ake a malo athu, anatiuza kuti tikabayitse katemera komanso tizivala zotchinga pakamwa. Ine ndinakana mwaulemu. Ndinati munthu amene amakhala tsiku lonse m'chipinda chofuka nthunzi ya bulugamu sangadwale, kachirombo kakalowa kafera pakhomo pomwepo. Sabata isanathe ndinali chigonere, ndipo ndinagona masiku asanu ndi anayi. Inu ndinakuuzani kuti ndi kachimfine chabe.

Chimene sindinakuuzeni ndi ichi. Tsiku lakhumi ndinadzuka bwinobwino, mutu wopepuka, mphuno zotseguka, mpweya ukulowa ndi kutuluka popanda vuto. Ndinasenda lalanje, osamva kanthu. Ndinati mwina lalanjelo ndi lachabe. Ndinanunkhiza sopo, anyezi, polishi wa nsapato, zonse zii. Kenaka ndinatsegula botolo la bulugamu n'kulikanikiza pamphuno mpaka misozi inatuluka, koma fungo ayi. Achemwali, ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Inu mumati ntchito yanga ndi yosisita misana ya anthu olemera, koma manja ndi theka chabe la ntchitoyo. Theka lina ndi mphuno. Munthu akabwera ndimamufunsa chomwe chikumuvuta, kaya tulo, kaya mapewa, kaya maganizo, kenaka ndimathira mafuta wamba m'kambale n'kudonthezeramo onunkhira oyenera iyeyo, madontho atatu awa, awiri awa. Onunkhirawo amakhala pa shelufu m'timabotolo tabulawuni makumi awiri ndi tiwiri, tofanana ngati mazira. Zigubu zikuluzikulu zolembedwa mayina zimakhala m'sitolo ya Madamu, ndipo Lolemba lililonse ndimadzaza timabotolo tanga. Chaka changa choyamba ndinkamatapo timapepala ta mayina, koma manja amafuta ankatimatula, ndiye ndinatopa n'kusiya. Madamu atadandaula, ndinatseka maso n'kuwatchulira onse mmodzimmodzi osaphonya. Kuyambira pamenepo anayamba kundionetsa kwa alendo, ndipo ndi mphuno imeneyo imene inandipezera chipinda changachanga. Amanja amphamvu alipo ambiri ofuna chipinda chimenecho. Ndiye mutha kuona kuti mphuno itapita, ntchito nayo inali pakhomo ikuvala nsapato.

Ndinasankha kukhala chete. Ndinkadziwa pamtima malo a botolo lililonse, mzere wapamwamba kuyambira kumanzere lavenda, ndimu, minti, choncho mpaka pansi, ndipo podzaza ndinkatenga limodzi n'kulibwezera pomwepo ndisanatenge lina. Pamaso pa kasitomala ndinkatsegula botolo, n'kutseka maso, n'kukoka mpweya, n'kugwedeza mutu ngati ndamva zakumwamba. Masabata asanu ndi awiri ndinasewera sewero limeneli, ndipo ndinayamba kudziona wochenjera.

Paja amati tsoka silinunkha, ndipo kwa ine likanati linunkhe sindikanalimvabe. Pa desiki yolandirira alendo pali mnzanga wina, mayi wa msinkhu wanga, amene tonse timangomutcha Wailesi chifukwa akayatsidwa m'mawa sazima. Ndi munthu wa mtima wabwino mopitirira muyeso. Lachitatu lina ndili pa ofu, anaona kuti shelufu yanga yachita fumbi. Lachinayi m'mawa anandichingamira pakhomo akumwetulira.

"Mnzanga, ukaone mmene shelufu yako ikuwalira. Ndinatsitsa zonse, ndapukuta mpaka kuseri."

"Nanga mabotolo?" ndinafunsa.

"Ndangowabwezera mulimonse. Iwe si umawadziwa ndi mphuno?"

Ndinamuthokoza, Achemwali. Ndinamuthokoza ndithu.

M'chipindamo munali mutalowa kale a Hedi, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito amene amabwera Lachinayi lililonse chifukwa cha mapewa ndi kusowa tulo. Anali atagona chafufumimba pa bedi, nkhope ili pa bowo lopumira la pa bedipo, thawulo lili m'chiuno, akudikira lavenda wawo. Masiku onse pakangotha mphindi khumi amayamba mkonono. Ndinaimirira kutsogolo kwa shelufu ija nditagwira njakata. Ndinadonthezera mafuta angapo pa kapepala, achikasu ndinawapatula, koma oyera ngati madzi anatsala oposa khumi. Ndinatenga botolo limene mtima unaloza, n'kuwerenga madontho asanu ndi limodzi.

Patapita kanthawi ndikuwatikita mapewa, a Hedi anayankhulira pansi pa bedi, kudzera pa bowo paja.

"Mwana wanga, kodi lero mwandiika m'firiji?"

"Mukumva bwanji, bambo?"

"Msana wonse ukuzizira ngati ndagonera ayezi. Ndipo fungoli ndi la mankhwala otsukira mano."

Ndinali nditawadzoza minti. Ndinati ndikuyesa kasakanizidwe katsopano. Iwo anadzutsa mutu, anapempha magalasi awo, anavala, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikuona ana onamizira kuwerenga, buku atalizondotsa," anatero. "Inu mphuno yanu sikugwira ntchito. Zayamba liti?"

Ndinawauza zonse, misozi ikugwera pa thawulo lawo. Sanakalipe. Anati minti sinaphepo mphunzitsi, komanso aka n'koyamba kumva mapewa awo ali maso. Koma anandipatsa homuweki, kuti pofika Lachinayi lotsatira ndikhale nditawauza Madamu ndekha, apo ayi adzandiperekeza ku ofesi atandigwira dzanja monga ankachitira ndi ana othawa sukulu.

Chimene chinandithyola si a Hedi ayi, koma amene analowa pambuyo pawo. Anali mayi woyembekezera, mimba ya miyezi isanu ndi umodzi, miyendo yotupa. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti kwa mayi wotero pali mafuta ena amene sitiwayandikiza n'komwe. Ndinayang'ana timabotolo tija, n'kuyang'ana mimba ija. Ndinamudzoza mafuta wamba okhaokha, opanda dontho lililonse, n'kumuuza kuti lero khungu lipume. Anapita akuthokoza, ine ndinatsala ndikudziona mmene ndinaliri, munthu wokonzeka kuika anthu pangozi pofuna kusunga dzina.

Madzulo ake alamu anu atabwera kuchokera ku galaja, ndinawakhazika pansi. Ndinayamba ndi mawu ambiri ozungulira, kenaka ndinangoti, "Bambo, ine sindikumva fungo. Kuyambira nthawi ya chimfine ija."

"Ndikudziwa," anatero, akuthira shuga mu tiyi.

"Mukudziwa bwanji?"

"Mayi, zaka zisanu ndi zitatu za banja lathu sindinakhalepo pa sofa uyu nditavala ovolosi. Tsiku lina ndinakhalapo mwangozi, inu chete. Mawa lake ndinavulira nsapato pabalaza pompano, sokosi za tsiku lonse, inu munandibweretsera tiyi mukuimba nyimbo. Ndinadziwa kuti pali maliro."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndimadikira munene nokha. Komanso sofayu ndi wofewa."

Ndinawagenda ndi pilo, kenaka ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka, koyamba m'miyezi iwiri. M'mawa mwake sanapite ku galaja, anandiperekeza kwa dokotala wa mphuno ndi makutu.

Dokotalayo anali mayi wodekha, woyankhula pang'onopang'ono. Atandiunika m'mphuno anati mavairasi ena amasiya atavulaza timinyewa tomvera fungo, ndipo kwa anthu ambiri timachira, kwa ena pang'ono chabe, kwa ena ayi. Sanandilonjeze kanthu. Ndinalimba mtima n'kumufunsa za chikwangwani changa chija. Anayankha zomwe munayankha inu, kungoti iye sanatchule sopo. Anati zimene mafuta amachita m'kambale ka mu labu anthu akuzifufuzabe, koma kambale si chifuwa cha munthu, ndipo palibe umboni wokwanira woti kununkhiza mafuta kungateteze kapena kuchiza munthu ku chimfine. Kenaka anatenga cholembera kuti andilembere chithandizo. Achemwali, mukudziwa chimene analemba? Rozi, ndimu, bulugamu ndi kilovu. Anati ndizinunkhiza mafuta anayi amenewa, lililonse kwa kamphindi, m'mawa ndi madzulo, kwa miyezi, uku ndikuyesetsa kukumbukira mmene ankamvekera.

"Musamve molakwika," anatero. "Sakupha kachirombo, kachiromboko kanapita kalekale. Tikungoikumbutsa mphuno ntchito yake. Mafuta otere mungawapeze?"

Alamu anu anatulukira panja kukaseka.

Kwa Madamu ndinapita Lolemba. Ndi mayi wa mawu ochepa, magalasi ake amalendewera pa tcheni pachifuwa, ndipo akawakweza n'kuvala umadziwa kuti zako zada. Ndinawapeza akupinda matawulo. Anamvetsera osasiya kupinda mpaka ndinamaliza, kenaka anavala magalasi aja.

"Mayi woyembekezera uja munamudzoza chiyani?"

"Mafuta wamba okha, Madamu."

"Mukanayankha zina, bwenzi pano mukutenga chikwama chanu."

Chigamulo chinali chotere. Timabotolo tonse nditaye zamkati, nditsuke, ndidzazenso kuchokera m'zigubu, ndipo kalikonse ndikalembe dzina n'kukulunga ndi selotepi kuti manja amafuta asamatulenso. Chikwangwani chichoke pa windo tsiku lomwelo. Chipinda changa chigwiridwe ndi wina, ine ndipite kochapira matawulo kwa miyezi itatu. Ikatha adzandiyesa, ndipo mphuno ikadzakhala isanabwerere, chipindacho chidzapita mpaka kalekale. Ndinaona kuti andichitira chifundo, komabe pomatula chikwangwani chija anthu a m'sitolo yoyandikana nafe akuonerera, nkhope inandilemera.

Wailesi anapepesa masiku atatu osapuma, mpaka ndinamupempha kuti andilakwirenso china kuti tisinthe nkhani. Kenaka anadzipatsa udindo wa uphunzitsi. Nthawi ya tiyi ankabwera kochapira kuja, pakati pa makina awiri ochapira ndi mulu wa matawulo, atabisa kabotolo m'dzanja. "Tseka maso. Ichi n'chiyani?" Ine n'kuti bulugamu. "Walakwa, ndi madzi a pampopi." Kunyumba nako alamu anu ankandiikira timabotolo tinayi pa tebulo pambali pa kapu ya tiyi, ngati mapiritsi. Ponunkhiza ndimu ndinkakumbukira tsiku lija munandifinyira khoko lake m'diso tili ana, n'kuwauza amayi kuti ndalira ndekha. Chithunzi chinkabwera bwinobwino, ukali womwe, koma fungo osabwera.

Juni yense anadutsa, Julayi n'kufika pakati, palibe chosintha. Aliyense ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinafika podana nayo nkhonoyo. Tsiku lina ndinadutsa pakhomo la chipinda changa, n'kumva amene anandilowa m'malo akuseka ndi kasitomala wanga, ndinapita kukalirira kuseri kwa makina ochapira kuti phokoso lindibise. Ndinayamba kufunsafunsa mwakachetechete ngati ku fakitale ya matawulo amalemba anthu.

Ndiye linafika Lachiwiri lomaliza la Julayi. Ndinaiwala kontena ya chakudya changa kunyumba, ndipo alamu anu anaibweretsa masana pochokera ku galaja. Analowa kochapira kuja, n'kutsamira mulu wa matawulo oyera amene ndinali nditangomaliza kupinda, akundifotokozera za galimoto ina yovuta mabuleki. Ine maso ali pa ntchito, ndinangoyankhula osaganiza.

"Tachokani apo inu, mukununkha girisi."

Anasiya nkhani ya mabuleki. "Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati mukununkha."

Tinayang'anana. Kenaka ndinawagwira ovolosi ija ndi manja onse awiri n'kukwirira nkhope pachifuwa pawo. Fungolo linali kutali, ngati wailesi ya kwa aneba, koma linalipo: girisi, dizilo, thukuta la munthu amene wagona pansi pa galimoto kuyambira m'mawa. Achemwali, ndagwira mafuta a rozi odula kwambiri pa moyo wanga, koma sindinamvepo fungo lokoma ngati limenelo. Ndinalira, iwonso analira, ngakhale pano akukana. Wailesi anatipeza choncho, ndipo pasanathe mphindi zisanu nyumba yonse, ndi makasitomala omwe ali m'matawulo, inali itadziwa kuti mphuno yabwera ndipo yabwera ndi dizilo. Matawulo aja ndinachapanso onse ndikuimba.

Pano alamu anu akuuza aliyense ku galaja kuti dokotala analephera, mafuta odula analephera, mkazi wawo anachira ndi m'khwapa mwawo. Ndawasiya anyade. Sofa yekha ndiye ndawalanda.

Kuchokera tsiku limenelo mafungo akhala akubwera mmodzimmodzi ngati alendo a paukwati, ena mochedwa, ena atavala zachilendo. Khofi anabwera msanga. Bulugamu anabwera ndi mphamvu zake zonse, wopanda ndi manyazi omwe. Ndimu mpaka lero akumveka ngati katoni yonyowa, ndipo rozi ali ngati chinthu chopserera, koma dokotala akuti zimenezo zimachitika mphuno ikamachira, ndisasiye kununkhiza.

Mayeso anali dzana, Lachisanu. Madamu anandimanga kathawulo kumaso, Wailesi akundipatsira timabotolo, atalumbiritsidwa kuti akangotsegula pakamwa atuluka. Pa makumi awiri ndi tiwiri ndinakhoza khumi ndi tisanu ndi kamodzi. Pa totsalato sindinayerekeze kulota, ndinangoti, "Aka sindikukadziwa." Atandimasula, Madamu anali atavala magalasi, ndipo ndinati basi zanga zada.

"Kale mukanakhoza onse," anatero.

"Inde, Madamu."

"Koma kale simukananena kuti sindikudziwa. Lolemba mubwerere m'chipinda chanu. Mapepala a mayinawo asachoke, ngakhale mphuno itadzaposa ya galu."

Ndiye mawa ndikubwerera, Achemwali. Yunifolomu ndasita kale kawiri. A Hedi alembetsa Lachinayi, ndipo atumiza uthenga woti akufuna minti yemweyo, ati lavenda ndi wa nkhalamba. Pa windo pali chikwangwani chatsopano, chonena kuti mafuta athu amanunkhira bwino ndipo amapumitsa thupi, koma chimfine chikakula pitani kuchipatala. Wailesi akuti chikumveka ngati chalembedwa ndi namwino. Katemera ndinakabayitsa, ndipo ndinatuluka ndikutsimphina monga ndinanenera. Ngati muli ndi timabuku tosavuta tofotokoza zimene ofufuza apeza pa mafutawa, zoona zokhazokha, munditumizire, kuti kasitomala akandifunsa ndizimuyankha zomwe zilipo.

Tsopano chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene chandilembetsa kalatayi. Mutachira mu Epulo, munandiitana kuti ndibwere ndidzaone mwana, ine ndinati Madamu andikaniza tchuthi. Ndinanama. Sindinapemphe n'komwe. Ndinamva mmene mawu anu anatsikira pa foni, ndipo ndikudziwa kuti munaganiza kuti ndikusungabe mkwiyo wa nkhani ya sopo ija. Sizinali choncho. Ine munthu ndimamudziwa ndi mphuno, inu mukudziwa, ndakhala choncho kuyambira ndili wamng'ono. Ndinkaopa kuti mudzandipatsa mwana wanu woyamba m'manja, ndidzaweramira pamutu pake monga amachitira aliyense, n'kupeza palibe kanthu, kenaka n'kunamizira pamaso panu monga ndinkanamizira makasitomala. Kunamiza a Hedi ndinakwanitsa masabata asanu ndi awiri, koma inu sindikanatha ngakhale mphindi imodzi. Mundikhululukire, chonde.

Tchuthi ndapempha dzana lomwelo, mayeso atangotha, ndipo andipatsa masiku khumi. Ndifika pa 6 mwezi wamawa ndi basi ya masana. Alamu anu akupereka moni, ati adzabwera ulendo wina akadzasamba. Mundiperekere moni kwa bambo a mwana, muwauze asavutike kudzandichingamira ndi maluwa, rozi sindinayambe kumumva bwino.

Koma kamwanako mukapsompsone m'malo mwanga, mukauze kuti mayi ake aang'ono achedwa koma akubwera. Ndipo tsiku limenelo, Achemwali, ndapota nanu, musakadzoze kanthu. Paudala ayi, mafuta ayi, ngakhale sopo wonunkhira ayi. Mungokasambitsa ndi madzi, n'kundipatsa mmene kaliri.

Ine mng'ono wanu wokukondani,
amene wamva tsopano.